Womasulira pa Maliro a Mai Rukiya

Festus anali telala pamsika wa Balaka, ndipo kutchalitchi kwawo anakhala mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zinayi. Anabadwira ku Chikweo, m'boma la Machinga, kwa mayi wa Chiyao, choncho Chichewa ndi Chiyao zonse zinali zake. Analinso ndi mawu aakulu. Akayambitsa nyimbo, anthu a m'nyumba zoyandikana ndi tchalitchi ankadziwa kuti mapemphero ayamba.

Japhet anali mlimi wa thonje wa kwa Nsamala. Analowa mpingo mochedwa, ndipo amene anamuphunzitsa m'kalasi ya ubatizo anali Festus yemweyo. Sukulu analekeza sitandade sikisi. Mawu ake anali otsika, osasa pang'ono, oti wokhala kumbuyo ankachita kutchera khutu. Koma akaima kutsogolo kuti alalikire, anthu ankasiya kutsokomola. Sankakuwa. Ankangonena za mbewu, za mvula yochedwa, za mwana wodwala, koma aliyense ankatuluka akuganiza kuti amanena za iyeyo.

Poyamba Festus ankanyadira. "Ameneyu ndinamuphunzitsa ndine," ankatero. Tsiku limene kunyadako kunawola sanalidziwe. Anangozindikira kuti Lamulungu lina, mayi wina atamuuza panja pa tchalitchi kuti a Japhet awadyetsa Mawu, iye anavomera ndi mutu, koma atafika kunyumba anakalipira mkazi wake pa nkhani ya malaya osasita.

Chaka chimenecho mpingo unaganiza zotsegula nthambi ku Chikweo, kumene kunali Akhristu owerengeka pakati pa midzi ya Asilamu. Festus sanakayike kuti atumidwa ndi iye. Kwawo n'komweko, chilankhulo n'chake, tinjira tonse ankatidziwa. Anafika mpaka podzisokera jekete yatsopano. Koma abusa atalengeza, dzina linali la Japhet.

"Inu a Festus muzipita nawo," anatero abusa. "A Japhet Chiyao sachidziwa, ndipo achikulire ambiri kumeneko Chichewa amachimva mwapatalipatali. Muziwamasulira."

"Palibe vuto, abusa," anayankha Festus, akumwetulira.

Kuyambira pamenepo, kawiri pamwezi ankakwera minibasi kudzera ku Liwonde mpaka ku Ntaja, kenaka n'kupitiriza pa kabaza. Ankapempherera m'chisakasa cha udzu pakhomo pa mai Rukiya, mayi wamasiye amene anabadwira m'banja la Chisilamu n'kulowa Chikhristu atakwatiwa. Mlongo wawo, Che Usumani, anali wogulitsa nsomba zouma komanso munthu womveka kumzikiti. Njira imene mai Rukiya anasankha sinkawasangalatsa, koma sanawatayepo. Masiku a mapemphero ankatumiza nsomba kuti alendo a mlongo wawo asabwerere ndi njala.

M'chisakasa chimenecho ndi mmene Festus anayambira kumubera mnzake. Japhet akanena mawu okoma, iye ankawamasulira mouma, ngati akuwerenga chilengezo. Akapereka fanizo, Festus ankalidula pakati. Mumtima ankati akupulumutsa nthawi, poti ulendo wobwerera unali wautali. Japhet sankadziwa kanthu. Akatsika mu minibasi ku Balaka ankamugwira dzanja ndi manja awiri n'kumuthokoza. Ndipo ngakhale uthenga unkafika wodukaduka, anthu ankachulukabe. Anayamba asanu ndi anayi, pofika nyengo yogulitsa thonje anali atapitirira makumi atatu. Zimenezi zinkamuwawa Festus kuposa china chilichonse.

M'mwezi wa Okutobala mai Rukiya anamwalira atadwala masiku anayi okha. Panali kukokanakokana pa za mwambo wa maliro, mpaka Che Usumani anaigamula okha nkhaniyo.

"Anasankha njira yake ali moyo," anatero. "Muikeni monga mwa mpingo wake. Ife tidzakhalapo."

Anabweradi, ndi amuna ambiri a kumzikiti, n'kukhala pansi pa mitengo ya mango kumapeto kwa bwalo. Akhristu anakhala pafupi ndi bokosi, kukhonde. Abusa nawo anabwera kuchokera ku Balaka, koma anati alalikire ndi Japhet. Dzuwa linali likuswa mtengo. Chimkuzamawu chimene anabwereka chinatha moto nyimbo yachiwiri isanathe, choncho mawu a Japhet ankangofika kwa okhala pafupi. Amene ankafika kumitengo ya mango anali a Festus okha.

Japhet analalikira bwino tsiku limenelo. Anayamba ndi nsomba zija, mmene ankazidyera osamudziwa wotumiza, ndipo anathokoza banja limene linalera mai Rukiya. Amayi a kukhonde anayamba kusisima womasulira asanatsegule pakamwa. Festus anaona abusa akugwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pa Japhet, monga bambo amayang'anira mwana amene wamuchotsa manyazi. Zaka khumi ndi zinayi zonse abusa anali asanamuyang'anepo iye choncho.

Kenaka Japhet anati, "Abale anga, bwalo lino lilibe mwini wake. Tonsefe ndife alendo pano. Tingodutsa."

Festus anatembenukira kumitengo ya mango, nakweza mawu m'Chiyao. Anati bwalo lino lilibe mwini wake, inu ndinu alendo pano, mungodutsa.

Anasintha liwu limodzi lokha. Sanachoke nalo kunyumba, koma silinamupulumukenso. Analiona likubwera, anali ndi mpata wolibweza, n'kulilola.

Kenaka Che Usumani anaimirira, nasasa fumbi pamkanjo wawo, n'kuyamba kuyenda. Amuna a kumzikiti anawatsatira mmodzimmodzi, mpaka pansi pa mango panatsala mikeka yokha. Japhet anaima Baibulo lili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ndalakwitsa chiyani?" ananong'oneza.

"Anthu akwathu mawu akuti alendo sawakonda," anatero Festus. "Pitirizani."

Onyamula bokosi anaperewera, moti abusa anavula jekete n'kugwira nawo. Mai Rukiya anaikidwa popanda mlongo wawo. Pobwerera kumanda anthu ankatsutsana. Ena ankati mlaliki anati tonsefe, ena ankati anati inu, ndipo ambiri anali kutali moti sakanatha kulumbira. Festus atafunsidwa anangotambasula manja. Panali munthu mmodzi amene sanatsutsane ndi aliyense. Anali Shamim, mwana wamkazi wa malemu, amene analeredwa ndi Che Usumani ndipo anakhalabe Msilamu. Iye anali atakhala pafupi penipeni ndi bokosi la mayi ake. Pamene Festus ankasamba m'manja, anapeza Shamim akumuyang'ana, ndipo Festus anayang'ana kumbali.

Akuluakulu a mpingo atakumana ku Balaka, anagwirizana kuti Japhet ayambe wapuma kupita ku Chikweo mpaka mitima itazizira. Munthu wabwino, anatero, koma miyambo ya kumeneko sakuidziwa. Pakadali pano nthambi aiyang'anire Festus. Japhet sanatsutse. Anaweramitsa mutu n'kupepesa chifukwa chochititsa mpingo manyazi.

Motero Festus anapeza chimene ankafuna. Lamulungu lotsatira anavala jekete yatsopano ija n'kupita yekha. Anapeza chisakasa chitagwetsedwa, mitengo yake itaunjikidwa pambali. Anthu asanu ndi mmodzi anali akumudikira pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Mayi wina anamuuza kuti amuna ake amuletsa kubwera ndi ana, ndipo wina anati anzake pachitsime anasiya kumuyankha moni. Festus anawalalikira m'Chiyao chabwino, popanda womudula mawu. Mawu ake aakulu aja ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu, koma iye ankangofuna kuti amalize. Sabata yotsatira ku Balaka kunali mgonero. Mbale itafika pa iye anaipatsira kwa wina, ndipo mkazi wake atamufunsa anati m'mimba simunali bwino.

Patapita masabata atatu, Lachiwiri m'mawa, Japhet anafika kushopu ya Festus pa njinga, atamangirira tambala pakaliyala.

"Achimwene, sindikupeza mtendere," anatero. "Munthu uja anatilandira, ine n'kumuthamangitsa pamaliro a mlongo wake. Ndikufuna ndikapepese. Koma ndikapita ndekha ndikalakwitsanso. Tiyeni mukandiyankhulire."

Festus anapitiriza kupalasa makina. "Ntchito yandichulukira. Mayunifolomu awa akufunika Lachisanu."

"Ndidikira mpaka Loweruka. Ndilibe wina woti n'kumudalira pa nkhaniyi koma inu." Japhet anatulutsa kakope m'thumba la malaya. "Ndayambanso kuphunzira, onani. Ndimafunsa amayi a Chiyao ogulitsa mpunga. Mundiuze ngati ndalemba bwino."

M'kakopemo munali mawu a Chiyao olembedwa mokhotakhota, moni, zikomo, pepani, ndi tanthauzo lake pambali. Festus anawayang'ana nthawi yaitali. Anakonza liwu limodzi ndi choko chake chosokera, n'kunena kuti Loweruka apita.

Anafika kwa Che Usumani dzuwa lili pamutu. Anawapeza pakhonde akusoka thumba la nsomba. Shamim anawayalira mkeka n'kukakhala chapatali, pafupi ndi chitseko. Japhet sanakhale pamkekapo. Anakhala pansi padothi, naika tambala patsogolo pake, n'kupereka moni m'Chiyao chake chopunduka. Kenaka anayamba kupepesa m'Chichewa, ndipo Festus anayamba kumasulira.

Che Usumani anakweza dzanja. "Musavutike," anatero m'Chichewa chomveka bwino. "Ndagulitsa nsomba ku Limbe zaka zambiri, Chichewa ndimachimva. Tsiku lija mawu a bambo awa sanandifike, ndinamva anu okha." Anabaya singano pathumba n'kuisiya pomwepo. "Mwana uyu wakhala akundiuza chinthu china, ine osamukhulupirira. Ndimati chisoni chamutseka makutu. Tsopano poti mwabwera nonse awiri, ndithandizeni. Inu a mlaliki, bwerezani zimene munanena zija. Inu mumasulire monga mwa ntchito yanu."

Japhet anabwereza mosavutika, chifukwa mawuwo anali atawatembenuza m'mutu masabata onsewo. "Ndinati bwalo lino lilibe mwini wake. Tonsefe ndife alendo pano. Tingodutsa."

Festus anamasulira molondola, liwu ndi liwu, koma motsitsa kwambiri moti Che Usumani anachita kuweramira kutsogolo.

"Amjomba, mwamva?" anatero Shamim. "Lero anena kuti ife. Tsiku lija anati inu. Ndinali pomwepo, ndinamva zonse ziwiri."

Japhet anatembenukira kwa Festus. Pankhope pake panalibe mkwiyo, koma mpumulo, ngati munthu amene wapeza pamene pamadontha denga.

"Ndiye kuti vuto linali pamenepo," anatero. "Che Usumani, muwakhululukire. Kunali kotentha, tinali titatopa, chimkuzamawu chitafa. Lilime limaterereka. Ngakhale ine zikanandichitikira."

Khomo lothawira linali lotseguka. Festus akanangovomera ndi mutu, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo akanabwerera ku Balaka ali mkulu wa mpingo amene analakwitsa mwangozi. Che Usumani nawo ankaoneka kuti avomera. Koma Japhet anali atamugwira paphewa pomuikira kumbuyo, ndipo dzanja limenelo Festus analephera kulipirira.

"Iyayi," anatero. "Silinaterereke."

Kenaka Festus anapitiriza.

"Ndinachita dala. Ndinkafuna kuti a Japhet achite manyazi pamaso pa abusa. Nthambi ino ndinkaifuna ine. Atawasankha iwo, ndinachita nsanje. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudula ulaliki wawo pomasulira, kuti anthu asawakonde. Anthu ankawakondabe. Ndiye tsiku lija ndinachita zimene ndinachitazo."

Japhet anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kuliika pabondo.

Che Usumani anatembenukira kwa Festus. Sanakalipe. Atayankhula, anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Nanga mlongo wanga anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga ine?"

"Palibe, Che Usumani."

"Rukiya ndinamubereka kumsana ali mwana, mayi athu akupita kudimba. Atalowa tchalitchi anzanga anandiuza kuti ndimutaye, ndinakana. Ndiye tsiku lomaliza ndinamusiya pabwalo ngati galu wopanda mwini, chifukwa cha mkangano wa anthu awiri inu."

"Mkangano panalibe," anatero Japhet motsitsa. "Ine sindimadziwa."

Festus anafuna kupepesa. Mawu ake anali nawo m'zilankhulo zonse ziwiri, koma onse anamuchepera. Anatsika pamkeka n'kugwada padothi, maso ali pansi. Ankaona mapazi a Che Usumani ndi tambala womangidwa miyendo uja akuphethira.

Che Usumani anaimirira n'kuuza Shamim kuti awatengere chisoti. "Chiikireni maliro sindinapondeko kumanda kuja," anatero. "A mlaliki, tiyeni mukandionetse pamene munamugoneka." Atafika pa Festus anaima pang'ono. "Inu tsalani. Mukamwe madzi, mnyumbamu alimo."

Festus anatsala yekha pakhondepo ola lathunthu. Anthu odutsa pamsewu ankamupatsa moni, ena akumutchula dzina la ubwana wake, chifukwa mudzi wa mayi ake unali pafupi. Madzi sanamwe.

Pobwerera anakwera minibasi imodzi, koma Japhet anakhala kutsogolo. Sanayankhulane mpaka atawoloka mlatho wa ku Liwonde n'kufika ku Balaka. Atatsika, Festus anamutsatira kumene anasungitsa njinga.

"A Japhet, ndikhululukireni."

Japhet anamasula loko wa njinga, n'kuima ataigwira. "Ndimalalikira za kukhululuka kawirikawiri," anatero. "Lero ndaona kuti ndimangoyankhula. Ndipatseni nthawi, achimwene. Chikundipweteka si nthambi iyayi. Ndi masiku onse aja ndinkakuthokozani." Anakwera njinga n'kulowera njira ya kwa Nsamala.

Madzulo ake Festus anamuuza mkazi wake zonse, ndipo m'mawa mwake anapita kwa abusa mapemphero asanayambe. Abusa anati nkhaniyi ikhoza kuthera m'chipinda cha akuluakulu, koma Festus anati Japhet ananyozeka pagulu, choncho nayenso ayankhula pagulu. Anaima kutsogolo kwa anthu amene ambiri mwa iwo anawaphunzitsa yekha, n'kunena zimene anachita. Tchimolo analitchula dzina lake, nsanje, osalizungulira. Ena anaweramitsa mitu. Mayi wina wachikulire anati "Mayo ine" mokweza. Mkazi wa Festus analira mwakachetechete, nkhope ataphimba ndi chitenje.

Anamuimitsa pa udindo kwa chaka chimodzi, ndipo anayamba kukhala pabenchi yakumbuyo. Japhet anabwerera ku Chikweo patapita mwezi, ndi mphunzitsi wina wa ku Liwonde amene ankamumasulira. Che Usumani analola kuti chisakasa chimangidwenso, koma ena mwa anthu amene anachoka sanabwererenso. Mayi uja amene amuna ake anamuletsa kubwera ndi ana anasiyiratu.

Kukhululuka kwa Japhet kunabwera pang'onopang'ono. Miyezi iwiri yoyamba ankangopatsana moni. Kenaka tsiku lina la mgonero Japhet anachoka kutsogolo n'kudzakhala naye pabenchi yakumbuyo, ndipo mbale itafika onse awiri anatenga. Festus ankaganiza kuti ataulula, nsanje idzatha yokha. Sinathe. Nthawi zina Japhet akamalalikira, anthu ali chete, ankaimvabe ikugwedezeka m'chifuwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankaidziwa, ndipo ankaiuza Mulungu pomwepo, mutu uli pansi, manyazi akumuotcha makutu.

Chaka chitatha anamubwezera pa ukulu wa mpingo. Abusa anamufunsa ngati angakonde kuyambiranso kumasulira, iye anapempha kuti asamubwezere ntchito imeneyo.

Festus amakumanabe ndi Che Usumani nthawi zina pamsika wa ku Ntaja akamapita kukaona abale a mayi ake. Munthu wamkuluyo samuzemba. Amaima, n'kumupatsa dzanja, n'kufunsa za kunyumba. Koma Festus akapereka moni m'Chiyao, Che Usumani amamuyankha m'Chichewa.